Khola la pakati pa munda silifuna makatani

Mukachoka m'tauni ya Richmond kumpoto kwa England n'kutsata mtsinje wa Swale kulowera kumadzulo, msewu umanka nuchepa, mapiri n'kumayandikana, ndipo mukangopitirira mudzi wa Reeth maso amayamba okha kuwerenga. Kanyumba ka miyala apa, kena apo, kena kuseri kwa mpanda, kena kali chilili pamwamba pa chitunda. Pofika pa Gunnerside, pamene chigwa chimayala dambo lake, mumaona kuti pafupifupi munda uliwonse uli ndi kake. Tinyumbati tilibe mawindo, tilibe chumuni, tilibe njira ya galimoto yofika pakhomo. Ulendo wanga woyamba ndinkayesa kuti ndi mudzi umene eni ake anauthawa, ndipo chisoni chinandigwira pachabe. Chimangireni, m'menemo simunagonepo banja la munthu. Ndi makola a ng'ombe, okhala ndi malo osungira udzu pansi pa denga lomwelo.

Anthu a ku Swaledale, chigwa cha mtsinje wa Swale, amawatchula kuti cow'us, kufupikitsa mawu awo otanthauza nyumba ya ng'ombe. M'zigwa za kum'mwera amati laithe, mawu amene anasiya anthu ochokera ku Scandinavia omwe anakhazikika kuno zaka zoposa 1,000 zapitazo, eni mayina a midzi ngati Keld, Thwaite ndi Muker. M'paki yonse ya Yorkshire Dales, dera lotetezedwa ndi boma koma lokhalamo anthu, imene inakhazikitsidwa mu 1954, muli nyumba zakale za pafamu zoposa 6,000, ndipo pafupifupi 4,500 mwa izo ndi makola a pakati pa munda ngati amenewa. Pamwamba pa apo pali mipanda ya miyala yongosanja popanda matope kapena simenti, imene mutailumikiza ingapitirire makilomita 8,000. Makola ambiri lero alibe ntchito, ndipo nkhani ya chochita nawo yakhala ikuyambanitsa alimi, makhansala ndi boma la ku London kwa zaka zambiri. Ena akuti asandutsidwe nyumba zogona anthu. Ine ndikukana, ngakhale kukana kwanga kuli ndi malire amene ndiwatchula. Koma ndili ndi mawu enanso kwa anzanga okana nawo limodzi, chifukwa ambiri mwa ife timakana chimanjamanja.

Kuti mumvetse chimene chinamwaza makolawa chonchi, yambani ndi nyengo. Kumtunda kwa Swaledale chimanga sichingache, tirigu naye amachita manyazi. Chimene chimamera ndi mtima wonse ndi udzu. Koma udzu umaleka kukula chisanu chikafika, ndipo kuyambira Novembala mpaka Meyi, nthawi imene kwathu kukugwa mvula, ng'ombe za kuno zinkatsekeredwa m'khola. Choncho chuma cha mlimi sichinkayezedwa ndi kuchuluka kwa ng'ombe zimene anali nazo mu Ogasiti, pamene msipu uli mbwee. Chinkayezedwa ndi ng'ombe zimene akanatha kutulutsa zamoyo m'khola mu Meyi, ndipo chiwerengero chimenecho chinkadalira udzu umene anatchetcha n'kuumitsa mu Julayi.

Tsono taganizani za mlimi wa m'zaka za m'ma 1700, wopanda thirakitala, minda yake ili timagawo apa ndi apo pamalo otsetsereka pamene ngolo ingagubuduke, chimene ali nacho ndi hatchi imodzi ndi chileyi. Ali ndi akatundu awiri olemera chaka chilichonse: udzu wochoka kumunda kupita kwa ng'ombe, ndi ndowe zochoka kwa ng'ombe kubwerera kumunda. Khola likakhala pakhomo, akatundu onsewa ayenda mtunda wautali, wina chokwera, wina chotsika. Anthuwa anaona kuti katundu wopepuka pa onse ndi munthu mwini wake. Ndiye anamanga khola pomwe pamera udzupo. Udzu unkalowa m'khola kuchokera m'munda womwewo, ng'ombe n'kuudyera pomwepo, manyowa n'kumwazidwa pomwepo dzinja lawo likatha, udzu wa chaka chamawa n'kumera wonenepa. Woyenda anali mlimi. Nzeru yonse ya nyumbazi yagona pamenepa, ndipo aliyense amene anasenzapo nsenjere pamutu kukapatsa ng'ombe yamkaka ku Bvumbwe kapena ku Thyolo aimva msanga kuposa mlendo wa kamera wochokera ku London.

M'kati mwake mulibe chinthu chongokometsera. Gawo lalikulu, limene amati mew, ndi dzenje la udzu lochoka pansi mpaka kudenga. Gawo laling'ono, shippon, ndiye kogona ng'ombe, kawirikawiri zinayi kapena zisanu, zomangidwa ziwiriziwiri pakati pa timakoma ta matabwa kapena ta miyala yafulati. Pamwamba pa ng'ombezo pali kansanja kamene ankaunjikapo udzu wina, moti kutentha kwa matupi awo sikunkathawira kudenga. Kumbuyo kwa miyendo yawo kuli ngalande ya ndowe, ndipo pakhoma pali kabowo kotayira ndowezo panja ndi fosholo. Kabowo kena kali m'mwamba, kumbali imene nthaka yakwera, kuti munthu woima pa chileyi aponyere udzu m'kati ndi foloko popanda kuunyamula kupitirira mutu. Timipata topyapyala m'makoma n'tolowetsa mphepo, pakuti udzu wounjikidwa usanaumitsitse umatentha wokha mpaka kuyaka moto. Ndiye mukaona khola lakumbidwira m'chitunda, musati anasowa malo athyathyathya. Chitundacho ankachifuna, chinali makwerero awo.

Ndisakunamizeni kuti unali moyo wokoma. Munthu mmodzi ankatha kukhala ndi makola angapo otalikirana, ndipo lililonse ankalifikira kawiri pa tsiku, m'mamawa kusanache ndi madzulo kutada, pakuti mu Disembala dzuwa la kuno limalowa 4 koloko isanakwane. Kudyetsa, kukama, kutulutsa ng'ombe zikamwe pa kasupe, kupala ndowe, kenako kubereka chigubu cha mkaka kumsana n'kutsetsereka nacho pa chipale chofewa. Ana ankagwira nawo ntchitoyi asanapite kusukulu. Amene amaima pamsewu lero n'kumati kalelo zinthu zinali bwino sanayendepo ulendo umenewo ndi nyali m'manja, mphepo ya kumapiri ikumulowa m'mafupa. Ndikamateteza makolawa sindikupempha kuti wina abwerere ku moyo umenewo.

Pa kamangidwe kake m'pamene ndimataya nthawi yambiri ndikafika. Yang'anitsitsani khoma la khola la ku Swaledale, muona kuti miyala yake sinagone mowongoka. Uliwonse anaupendeketsa pang'ono, mlomo wake wakunja n'kuloza pansi, kuti mvula yowombedwa ndi mphepo ikamenya khoma itsikire panja m'malo molowa m'kati. Khomalo ndi la mizere iwiri, wakunja ndi wam'kati, pakati pake atathiramo timiyala ting'onoting'ono, ndipo pakapita mizere ingapo pamabwera miyala italiitali yopingasa imene imamanga mbali ziwirizo pamodzi. Mitu ya miyala imeneyi anaisiya itatulukira kunja, osaidula, moti khoma limaoneka ngati lamera mano. Denga ndi la miyala yafulati yosemedwa kuphiri komweko. Ikuluikulu ili m'munsi, pamene khoma lingainyamule, ndipo imanka ichepa mzere ndi mzere mpaka pansonga, uliwonse utakolekedwa pa kamtengo ndi chikhomo cha mtengo, mwinanso cha fupa la nkhosa. Denga lotere ndi lolemera koopsa, n'chifukwa chake silinatukuke kwambiri. Palibe katswiri wojambula mapulani amene anabwera kuchokera kutauni. Ankamanga ndi amisiri a m'midzi yomweyi, ndi miyala imene inali pansi pa mapazi awo, ambiri mwa makolawa pakati pa 1750 ndi 1850.

Makoma ena amaulula zakale kuposa pamenepo. Pa khoma lakumapeto la makola ena mumaoneka mzere wa denga loyamba, losongoka kwambiri, lomwe linali lofolera ndi zitsamba za kumapiri. Atafuna denga la miyala anangokweza makoma a m'mbali, chipsera n'kutsala. Ndipo pansonga pa makola ena pali kabowo kamene kanandizunguza mutu mpaka nditamva ntchito yake. N'kolowera kadzidzi. Inde, mbalame imene kwathu ikalira padenga anthu amagona tulo ta maso, kuno ankaimangira khomo lake dala kuti izigwira makoswe ndi mbewa m'udzu. Ndinaseka ndekha tsiku limenelo, ndikuganiza zimene agogo anga akananena.

Nyumba za alimi eni ake zinamangidwa ndi mutu womwewo. Zambiri zimayang'ana kum'mwera kumene kumachokera kadzuwa kochepa ka kuno, n'kufulatira kumpoto ndi khoma la timawindo towerengeka. Kumpoto kozizirako ndiko ankaika chipinda cha mkaka, cha mashelefu a miyala, kumene batala ndi tchizi zinkakhala osawonongeka kulibe firiji. Zina nyumba ndi khola zili pansi pa denga limodzi lalitali, khoma limodzi lokha likulekanitsa anthu ndi ziweto. Pamwamba pa khomo nthawi zambiri pali mwala wozokotedwa chaka ndi zilembo zoyamba za mayina a mwamuna ndi mkazi amene anaimanga, ina ya m'ma 1600. Matope omangira anali a laimu wootchedwa m'mauvuni a miyala amene mabwinja ake akadaoneka m'mbali mwa mapiri. Laimu amalola khoma kuuma likanyowa. Anthu a m'zaka za m'ma 1900 atayamba kumata ming'alu ndi simenti, poganiza kuti cholimba ndiye chabwino, anatsekera chinyontho m'kati, miyala n'kuyamba kufumbutuka. Nyumba zambiri zakale kuno zawonongedwa ndi anthu ozikonda kuposa ndi anthu ozinyalanyaza.

Palinso chifukwa china chimene makola anachulukira chonchi ku Swaledale ndi ku Arkengarthdale. Zigwa zimenezi zinali za migodi ya mtovu, ndipo wogwira ntchito mumgodi ankakhala ndi kamunda ndi ng'ombe imodzi kapena ziwiri zothandizira pakhomo malipiro akavuta. Kamunda kalikonse kankafuna khola lake. Mtengo wa mtovu utagwa cha m'ma 1880 chifukwa cha wotchipa wochokera ku Spain, mabanja ambirimbiri anasamuka, ena kumafakitale a nsalu ku Lancashire, ena kumigodi ya malasha ku Durham, ena kutsidya la nyanja. Minda yawo inaphatikizidwa. Mlimi mmodzi lero amatha kukhala ndi makola khumi kapena kuposa, amene anamangidwa ndi mabanja osiyanasiyana.

Chimene chinapha ntchito ya makolawa sichobisika. Thirakitala inachititsa kuti kunyamula udzu kusakhalenso nkhani, koma singalowe pakhomo lomangidwira munthu ndi ng'ombe. Malamulo a ukhondo wa mkaka, nkhondo yachiwiri itatha, anafuna madzi a m'mipopi ndi pansi potsukika. Kenako kunabwera mabelo akuluakulu okulungidwa m'mapulasitiki akuda, limodzi lotha kulemera theka la tani, losafuna denga n'komwe ndiponso losadikira masiku adzuwa. Mlimi wa lero amasunga ng'ombe zake zonse m'shedi imodzi ya zitsulo pafupi ndi nyumba, n'kuzidyetsa asanavule thalauzi logonera. Ndani angamudzudzule? Ifenso kwathu nkhokwe zikutha m'midzi, chimanga chikugona m'matumba kuchipinda poopa akuba ndi anankafumbwe, ndipo palibe amene anachita kulamula. Chinthu chikasiya kudyetsa mwini wake, mwini wake amasiya kuchifolera.

Apa m'pamene panalowera boma. Mu 2014 linakhazikitsa lamulo, lodziwika lero kuti Class Q, lolola kusandutsa nyumba za pafamu kukhala zogona anthu popanda kupempha chilolezo chonse cha mapulani. Oyang'anira mapaki anakuwa, ndipo mapakiwo anachotsedwa m'lamulolo. Chaka chomwecho mpikisano wa njinga wa Tour de France unadutsa pa msewu wa pamapiri wa Buttertubs n'kutsika chigwa cha Swale, dziko lonse n'kuona makolawa pa kanema kuchokera m'mwamba. Mu 2023 boma linabweranso ndi ganizo lomwe lija, loti lamulolo lifike ndi m'mapaki. Mkulu wa paki ya Yorkshire Dales pa nthawiyo, David Butterworth, sanabise mawu, ananena poyera kuti ganizolo lingawononge pakiyo. Mu 2024 lamulo linafutukulidwa kwina konse, mapaki n'kusiyidwanso. Lapita kawiri, ndipo sindikukayika kuti lidzabweranso, chifukwa limamveka lokoma: nyumba zili apo zopanda ntchito, anthu ali apa opanda nyumba, vuto n'chiyani?

Vuto ndi loti walira mvula walira matope. Munthu sagona m'khola la pakati pa munda momwe liliri. Afuna msewu woti galimoto ifike pakhomo m'nyengo iliyonse, ndipo msewuwo udula dambo. Afuna mapolo a magetsi kapena ngalande ya mawaya, mapaipi a madzi, thanki ya zonyansa za kuchimbudzi. Afuna mawindo, pakuti palibe amene angalipire ndalama zambiri kuti azikhala mumdima, ndiye khoma lija losanjidwa mopendeketsa libooledwa m'malo asanu. Afuna poimika galimoto, poyanika zovala, kampanda ka maluwa, nyali yapanja yoyaka usiku wonse m'chigwa chimene anthu amachita kuyendera kudzaona nyenyezi. Denga la miyala liphwasulidwa kuti aikemo zotchinga kuzizira, kadzidzi ndi mileme n'kusamuka. Zonsezi zikatha miyala idzakhala yomwe ija, koma chimene chinkachititsa munthu kuima pamsewu chidzakhala chitapita, chifukwa chinali kuima kwa khola lokhalokha pakati pa udzu, lopanda njira, lofotokoza lokha chifukwa chimene lilili pamenepo. Chitani zimenezi kamodzi, palibe adzadandaule. Chitani pa makola onse a pa dambo la Gunnerside, mwamanga lokeshoni.

Kudandaula kwa osowa nyumba sindikukupeputsa ayi. M'paki imeneyi mumakhala anthu osakwana 25,000, ndipo pafupifupi nyumba imodzi mwa zisanu zilizonse simukhala munthu chaka chonse: ndi za anthu a m'mizinda obwera pa tchuthi, kapena zochititsa lendi kwa alendo. Achinyamata obadwira konkuno akulephera kugula kapena kuchita lendi kwawo. Sukulu ya pulayimale ya ku Arkengarthdale, imene inayamba mu 1659, inatsekedwa mu 2019 chifukwa ana anachepa kwambiri. Amene akuti makola asanduke nyumba amaloza zimenezi, ndipo akulozadi bala lenileni. Koma tafunsani kuti khola la pakati pa munda likakonzedwa, ndi msewu wake ndi magetsi ake ochokera kutali, agule ndani. Sadzakhala mnyamata woweta nkhosa kapena mayi wosamalira okalamba ku Reeth. Mtengo wa ntchito yoteroyo umasankhiratu wogula, ndipo wogulayo ndi yemwe uja wadzaza kale midzi ndi nyumba zotseka makatani miyezi 10 pa chaka. Mu 2018 ganizo loti eni nyumba zachiwiri azilipira msonkho wa khonsolo wowirikiza kasanu linakanidwa ndi makhansala a Richmondshire. Kuyambira Epulo 2025 khonsolo ya North Yorkshire ikuwalipiritsa wowirikiza kawiri. Nkhondo ya nyumba ili kumeneko, m'midzi momwe muli kale misewu, mapaipi ndi masukulu ofuna ana.

Malire a kukana kwanga ndi awa. Si khola lililonse lili pakati pa munda. Ena ali m'mphepete mwa msewu, ena m'mudzi momwe, ena pabwalo la famu. Malamulo a pakiyi a mu 2016 analola kuti otere asandutsidwe nyumba, ndipo ambiri avomerezedwa kale. Ine ndilibe nazo mlandu, bola mmisiri alemekeze khoma, agwiritse ntchito makomo ndi mabowo amene alipo m'malo moboola atsopano. Chimene chimandinyansa m'lamulo limenelo n'chakuti linalola mwini kusankha pakati pa munthu wokhala konkuno ndi alendo a tchuthi. Ndalama ya alendo imaposa ya lendi wamba, ndiye mukudziwa kumene mtima wa mwini upendekere. Khola likati litaye ukhola wake, alowemo munthu amene ana ake adzakwere basi ya sukulu.

Tsopano kwa anzanga okana. Mu 1989 chigwa cha Swaledale ndi cha Arkengarthdale zinalengezedwa kukhala dera lotetezedwa chifukwa cha makola ndi mipanda yake, lalikulu kuposa ena onse a mtundu wake m'dzikolo. Lero dera lomwelo lili pa mndandanda wa malo amene ali pangozi wa Historic England, bungwe la boma losamalira zakale. Pepala la boma limaletsa kugwetsa, koma silikwera padenga kukabwezera mwala umene watsetsereka. Wokwera ndi mlimi, kapena mmisiri wolipidwa ndi mlimi, pa nyumba imene sim'bweretsera kalikonse. Pamene alendo mamiliyoni amabwera chaka ndi chaka, mahotela ndi malo omwera tiyi n'kumadyerapo, zithunzi za makola omwewa zili pa mapositikhadi ndi pa Instagram. Tonsefe timadya ndi maso, wolipira ndi mmodzi. Kuuza munthu ameneyo kuti usagwetse, usasinthe, usagulitse, koma konza ndi ndalama zako, ndi chipongwe, ndipo ndikanakhala iye nanenso ndikanavotera Class Q.

Njira yake inayesedwa kale ndipo inagwira. Kuyambira 1987 boma linkalipira alimi a m'zigwazi kuti asunge madambo a udzu mwachikale, ndipo linkathandiza ndi gawo lalikulu la ndalama zokonzera makola ndi mipanda. Kafukufuku amene bungwe losamalira zakale la English Heritage ndi unduna wa zaulimi anachititsa anapeza kuti pakati pa 1998 ndi 2004 nyumba za pafamu zoposa 500 zinakonzedwa m'pakiyi, ndipo £1 iliyonse yolowa pa ntchitoyo inkabala £2.48 m'chuma cha m'deralo. Sizodabwitsa. Ntchito yokonza denga la miyala simungaiitanitse ku China. Wolikonza ndi mmisiri wa m'chigwa momwemo, amene amagula mafuta ndi buledi momwemo n'kuphunzitsa mnyamata wa momwemo. Koma thandizo lotere limabwera ngati mvula ya chizimalupsa, kugwa kamodzi n'kusowa. Britain itatuluka mu European Union, ndalama zimene alimi a ku England ankalandira potengera kukula kwa malo awo zinayamba kudulidwa mu 2021 ndipo zitheratu pofika 2027, boma likulonjeza kuti m'malo mwake lizilipira zinthu zopindulira anthu onse. Ngati khola la pa Gunnerside si chinthu chopindulira anthu onse, ndiye achotse chithunzi chake pa mabuku okopa alendo.

Ndipo ndalama yofunika kwambiri si ya ntchito zikuluzikulu zotsegulidwa ndi nduna. Khola limafa kuyambira kudenga. Chikhomo chimodzi chikawola, mwala umodzi umatsetsereka, mvula n'kupeza mtanda. Mtanda ukafumbwa, kulemera kwa miyala ija kumaugwetsera m'kati, ndipo makoma akatsala pamtunda madzi amalowa pakati pa mizere iwiri ija, chisanu n'kuwatupitsa mpaka khoma kuphulika mimba. Ntchito imene ikanatha ndi munthu mmodzi ndi makwerero masana amodzi imasanduka ya mapaundi masauzande makumimakumi. Zengerezu analinda kwawukwawu. Kandalama kochepa kodalirika chaka chilichonse pa khola lililonse lofoleredwa bwino kangapulumutse ambiri kuposa thumba lalikulu lobwera kamodzi pa zaka khumi, mafomu ake ofuna loya. Kangasungenso amisiri pa ntchito, pakuti luso losanja miyala silikhala m'buku. Madzi osefukira a pa 30 Julayi 2019 atakokolola mipanda ku Arkengarthdale ndi ku Grinton, chimene chinafunika mwamsanga anali manja odziwa kuika mwala umodzi pa iwiri, iwiri pa umodzi.

Ndivomerenso chinthu chimene okonda zakale safuna kumva: onse 4,500 sangapulumuke. Ena ali kutali kwambiri, ena anapita kale. Ena angapeze tintchito topepuka tosafuna msewu kapena windo, monga kubisalamo nkhosa pa mphepo, kusungiramo timabelo ting'onoting'ono, kapena kugonamo oyenda maulendo a pansi amene amabwera ndi zofunda zawo kumsana. Otsalawo, ngati palibe wowafuna, agwe. Miyala yake ikakonzere makola ena ndi mipanda, monga momwe anthu a kuno akhala akuchitira kuyambira kale. Bwinja la khola limanenabe zoona za malo ake, ndipo kwa ine limaposa khola lopakidwa vanishi lokhala ndi bafa lotentha kuseri.

Mwezi wa Juni ndi umene ndimakonda kupita ku Muker. Kuseri kwa mudziwo kuli madambo amene sathiridwa feteleza, amangolandira manyowa a m'khola pang'ono, ndipo nkhosa zimachotsedwamo mu Meyi kuti udzu ukule mpaka maluwa atagwetsa njere, kenako n'kutchetchedwa mu Julayi. Madambo otere atsala ochepa zedi. Akatswiri amati Britain yataya 97 mwa 100 alionse chiyambire zaka za m'ma 1930, ndipo a ku Muker anasankhidwa mu 2013 kukhala m'gulu la madambo okumbukira zaka 60 za kuvekedwa ufumu kwa Elizabeth II. Njira yodutsamo ndi ya miyala yafulati, yokwana phazi la munthu mmodzi, ndipo zikwangwani zimapempha kuti muyende mondondozana, chifukwa chimene mukuchiona ngati maluwa ndi chakudya cha ziweto cha mu Januwale. Mumapanikizika pa kampata ka mpanda, n'kutulukira m'munda wina, khola lake lili apo. Mumapanikizikanso, munda wina, khola lina. Pa limodzi mwa amenewo ndinasuzumira pa kabowo ka ndowe. Maso atazolowera mdima ndinaona timabelo ta chaka chatha titatsala pakona, unyolo wa ng'ombe uli lende pa mtengo wake, ndi kadontho ka dzuwa pansi, kolowera pamene mwala umodzi wa denga unasuntha.